Chilimwe Chimene Tinapasula Mfuti ya Agogo

Mafuta a nsatsi ali ndi fungo lolemera, lokhala ngati la mtedza wopserera, ndipo ndikalimva ngakhale lero ndimangopezeka ndili m'chipinda cha agogo anga aamuna, kumunda kwathu kufupi ndi Chalimbana. Agogo a Sailasi ankapaka mfuti yawo mafuta amenewo, a m'sitolo sankawakhulupirira. Ankadontheza pang'ono pakansalu kothaitha n'kumasisita mpope wake kuyambira kukamwa mpaka kumtengo, mfutiyo itagona pamaondo awo. Chipindacho chinkanunkhanso fodya wa m'mphuno ndi chikopa cha mbuzi chimene ankapondapo podzuka. Atamwalira m'nyengo yozizira, mafungo enawo anatha pang'onopang'ono, koma la nsatsi linakanirira.

Ine ndinali m'giredi sikisi. Atate ankagwira ntchito kumigodi ndipo ankabwera pa Khirisimasi pokha, choncho pakhomo tinali ine, amai ndi ang'ono anga awiri. Mfutiyo inali gogodela, yothira wonga ndi chipolopolo cha kukamwa, ndipo ikaimirira inkandiposa msinkhu. Sindinaimvepo ikulira. Nyama zinali zitatha kale m'dera lathu, ndipo m'tchire mmene agogo ankati munali mphalapala munali mutayamba kumera nyumba za malata ofiira. Komabe kwa ine mfutiyo inali agogo amene. Ndili wamng'ono ndinawafunsa kumene inachokera, iwo n'kuseka, nati inachokera kwa mfumu ya ku Mangalande. Ndinasunga mawu amenewo monga mmene mwana amasungira mwala wosalala m'thumba.

Agogo anaisiyira ana awo awiri, amai ndi mlongo wawo wamng'ono, amalume a Yotamu, amene ankakhala kutsidya kwa kamtsinje. Chaka chimenecho chilimwe chinawalowera moipa amalume. Matenda a denkete anagwera m'khola lawo ndipo ng'ombe zawo zolimira zinafa motsatizana. Utsi wa mitembo yake unasakanikirana ndi wa lupsa, n'kukuta mudzi wonse. Ndikapita kukatunga madzi ndinkawaona atakhala pagoli pafupi ndi khola lopanda kanthu, chipewa chili pabondo. Anali ndi ana ambiri ndi munda waukulu wa dothi lolimba, loti khasu lokha silikanautha mvula isanapite.

Ndiye kunabwera ba Mulenga. Iwo ankakhala kumapuloti atsopano m'mbali mwa msewu, m'nyumba ya mpanda wanjerwa, ndipo m'mawa uliwonse ankapita kuntchito ku Lusaka pagalimoto yawo. Ankakonda zinthu zakale. Anthu amene analowapo m'nyumba mwawo ankasimba za nthungo, nyale za galasi ndi masimbi a makala zopachikidwa pakhoma. Mfutiyo anaiona pamaliro a agogo, ndipo Loweruka lina anafika ndi amalume, n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Anali munthu waulemu. Anavula magalasi popereka moni, ananena pepani kachiwiri, kenako anatchula mtengo umene angagulire.

Amai anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pachitenje. "Ba Mulenga, zikomo," anatero. "Koma ine sinigulitsa chinthu chamene siniziba. Nifuna nizibe anaipanga ni ndani, ili na zaka zingati, ndiye tikambe."

"Ba sisi, mvula siyembekeza munthu," anatero amalume, akuyang'ana pansi.

"Niziba, Yotamu. Nipase chabe mpaka mitambo iyambe."

Ine ndinali kuseri kwa nkhokwe, ndikumva zonse. Tsiku lomwelo ndinadzilonjeza kuti mfutiyo sichoka pakhomo. Nzeru zanga zinali zachibwana koma zolimba: ndikangosonyeza kuti ndi ya mfumu, palibe amene angalimbe mtima kuigulitsa. Sindinaganize n'komwe kuti chinthu chikakhala chamtengo wapatali m'pamene ogula amachulukira.

Kuyambira pamenepo, ndikaweruka kusukulu ndinkathamangira m'chipinda cha agogo. Amai anandilola atatsimikiza kuti mumpope mulibe kanthu. Ulendo woyamba ndinabwera ndi mchenga wotsukira mapoto, koma anandigwira dzanja ndisanayambe, nati chitsulo chakale sachikwecha ngati sefuliya. Anandipatsa palafini m'kachitini ndi mswachi wotha. Ndinkakhala pakhomo pamene pankalowa kuwala, thukuta likutsika m'khosi, nyenje zikulira m'mitengo mpaka makutu kuwawa. Litsiro la zaka zambiri linkasungunuka n'kundidetsa zala. Patapita masiku, pafupi ndi kachitsulo kopindika kamene kamagogoda pophulitsa wonga, ndinamva ndi chala timizere tosaoneka bwino.

Kusukulu tinkakonda kuika ndalama yachitsulo pansi pa pepala n'kukanda ndi pensulo kuti chithunzi chake chituluke. Ndinang'amba pepala pakati pa kope, n'kuliika pachitsulocho. Ndinakanda pang'onopang'ono, ndikugwira mpweya. Pamdima wa pensulo panayamba kutuluka kanthu koyera: timitengo tiwiri topingasana, ndipo pamwamba pake kachisoti kachifumu. Ndinatuluka ndikukuwa mpaka nkhuku zinabalalika. Amai anali kupeta nyemba. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, koma sanasangalale monga ine. Anangoti tikalionetse kwa munthu wodziwa.

Nthawi imeneyo Chalimbana inali idakali koleji ya aphunzitsi, ndipo amai ankagulitsa repu ndi tomato kunyumba za ogwira ntchito kumeneko. Mmodzi wa ogula awo anali a Tembo, mphunzitsi wa mbiri yakale, bambo wonenepa wolankhula mofatsa. Loweruka ndinasenza dengu n'kutsagana ndi amai, pepala langa nditalipinda m'thumba la diresi. A Tembo analiyang'ana pakhonde pawo, analitembenuza, n'kundifunsa ngati ndinachita ndekha. Anati zizindikiro zina zimabisika kunsi kwa mpope, pamene pagona pamtengo, ndipo kuti aone bwino ayenera kuipasula mfutiyo.

Anafika Lamulungu titachoka kutchalitchi, panjinga, ali ndi buku lalikulu ndi tizitsulo tomasulira. Amalume nawonso anabwera. Tinayala mphasa pamthunzi. A Tembo anadontheza mafuta pamisomali yake n'kudikira, kenako anayamba kugogoda pang'onopang'ono. Mpope utalekana ndi mtengo panamveka kaphokoso kouma, ndipo amai anagwira pakamwa. Ine ndinamva ngati ndikuona agogo atavula. Kunsi kwake kunali chitsulo chakuda, chosakhudzidwa ndi dzuwa, ndipo kachisoti kaja kanaonekanso bwinobwino pamodzi ndi tizilembo tingapo.

A Tembo anatsegula buku, anafananiza, kenako anatifotokozera mosabisa kanthu. Kachisoti sikanali kutanthauza kuti mfutiyo inali ya mfumu. Kanali chidindo cha anthu oyesa mipope mumzinda wa Birmingham, kusonyeza kuti anaiwombetsa ndipo sinang'ambike. Mfuti zotere ankazipanga zambirimbiri, zotchipa, kuti azisinthanitsa ndi minyanga kuno kwathu. Dzina la wopanga silinalipo, mwina linafufutika, mwina sanalilembe n'komwe. Za msinkhu wake anati chitsulocho chinali chitapitirira zaka zana, chachikulu kuposa mzinda wa Lusaka. Za mtengo wogulira anati ba Mulenga sanatinamize, ndipo mwina anawonjezerako pang'ono chifukwa cha chisoni.

Atatero ananyamula mtengo wa mfutiyo n'kuuyang'ana mkati. Anaununkhiza, anaukanda ndi chikhadabo. Anati umenewu sunachokere kunja, unali mlombwa, umene kwathu timautcha mukwa, ndipo mumsewu mmene munkagona mpope munkaoneka mabala a kasemasema. Kwa osonkhanitsa zakale, anatero, zimenezi zimatsitsa mtengo wogulira mfuti. Anauika paphewa ngati akufuna kuwombera, chigongono chawo n'kupindika moseketsa.

"Uyu ni waufupi maningi," anatero. "Amene anasema, anasemera munthu wamfupi. Apa mabuku anga athera."

Tonse tinayang'anana. Agogo anali aatali, oti polowa m'nyumba ankawerama.

Sindinawatsanzike a Tembo. Ndinapita kuseri kwa bafa n'kulira mokwiya, chifukwa ndinkaona ngati andilanda mfumu yanga n'kundisiyira chitsulo cha pamsika. Koma mawa lake, ndikusesa pabwalo, funso lina linayamba kundidya. Ngati chitsulo chinalibe dzina, mtengo unali nalo. Munthu wina wa kuno anaudula, anausema, ndipo anali ndi wina m'maganizo. Ndinawavutitsa amai masiku otsatira, pachitsime, kudimba, ngakhale pamene ankapemphera. Pomaliza anati munthu mmodzi yekha wotsala amene angadziwe ndi ambuya Zelipa, mlongo wa agogo, amene ankakhala cha ku Kasisi ndipo sanathe kubwera kumaliro chifukwa cha miyendo.

Tinanyamuka m'mawa, mpope tinausiya pansi pa bedi. Mtengo wokhawo tinaukulunga m'chitenje ndipo ndinakana kuti wina aunyamule. M'minibasi ya ku Lusaka ndinaukhazika pakati pa miyendo, kondakitala n'kufunsa ngati ndi gitala, anthu n'kuseka. Titatsika tinakwera galimoto ya makala yobwerera yopanda katundu, kenako tinayenda pansi. Dzuwa linali la mwezi wa Okutobala, loti mchenga unkaotcha kupyola m'mapatapata. M'mbali mwa njira ana ankagulitsa masuku oyamba m'timbale, akadali owawasa. Kumpoto kunali kutayamba kuunjikana timitambo toyera, ndipo ndinaona amai akutiyang'ana kawirikawiri.

Ambuya Zelipa tinawapeza kudimba, atakhala pachigubu, akulamula mdzukulu wawo pothirira anyezi. Anali ogontha khutu limodzi ndi aukali pakamwa. Anayamba ndi kuwadzudzula amai kuti aonda, kenako anandidzudzula ine kuti ndagwada mochedwa. Shuga amene tinabweretsa anamuyeza ndi dzanja n'kunena kuti ndi wochepa. Amai anafuula m'khutu labwinolo chimene tinadzera, ine n'kumasula chitenje.

Ambuya anapukuta matope m'manja mwawo pachitenje chawo, chinthu chimene sanachite potipatsa moni. Anaulandira mtengowo ndi manja awiri, chala chawo chachikulu n'kupita chokha pakadzenje kena cha kumapeto, ngati chikudziwa njira.

"Apa nkhwangwa inamupulumuka Sailasi," anatero. "Analira tsiku lonse."

Nkhaniyo anaikamba modumphadumpha, uku akukalipira mdzukulu kuti akuwononga madzi. Atate awo anapita kukagwira ntchito kumigodi ya kummwera ndipo sanabwerenso. Anasiya mfuti kudenga, chiswe n'kudya mtengo wake wakunja mpaka unangotsala chigoba. Chaka china mvula inavuta, ndipo chimanga chochepa chimene chinapulumuka nguluwe zinayamba kuchimaliza. Pakhomo panalibe mwamuna wamkulu. Amai awo, a Tikambenji, anali mkazi wamfupi, woti mtondo unkamufika m'chiuno. Anatsitsa chitsulocho kudenga n'kuuza mwana wawo Sailasi, amene panthawiyo anali woweta mbuzi chabe, kuti achivekenso mtengo.

Agogo anali asanasemepo china choposa mpini. Anawononga mitengo ingapo. Ankayeza mkono wa amai awo ndi luzi, kuchokera paphewa kufika pachala, n'kubwerera kukasema, n'kubweranso kudzayeza. Anthu a pamudzi ankaseka, ena ankati mfuti ya m'manja mwa mkazi imaphulikira kumbuyo. A Tikambenji anamanga nsanja pakati pa munda n'kumalondera okha. Tsiku limene anawombera, mfutiyo inawakankha n'kugwa chagada kuchokera pansanjapo, phewa linatupa sabata yonse, koma nguluwe yaikulu inagona m'mizere ya chimanga. Nyama yake anagawira ngakhale amene ankaseka aja. Nguluwe zinazo sizinabwerenso msanga, ndipo banjalo linakolola zokwanira kufika chaka china.

Ndinafunsa mofuula chifukwa chake agogo sanasinthe mtengowo atakula. Ambuya anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa. Anati agogo ankabwera kuchokera kosaka tsaya litatupa chifukwa mtengowo sunkawakwana, anzawo ankawauza kuti aseme wina, iwo n'kumangoti mawa. Nanga za mfumu ya ku Mangalande? Apa ambuya anaseka mpaka kutsokomola. "Anali na manyazi," anatero. "Anali kuona monga anasema zokhota. Ndiye anali kunamizira mfumu."

Pobwerera sindinalole ngakhale chitenje kukhudza pansi. Mumtima ndinali nditapambana. Tsopano tinali ndi dzina la wopanga, ndipo linali lathu. Ndinali wotsimikiza kuti amalume akamva, nkhani yogulitsa itha. Titafika pa Chongwe kunachita mdima wa mitambo, mphepo inanyamula mapepala pamsika, ndipo kutali kunamveka bingu loyamba.

Mawa lake amai anaitana amalume ndi kuwafotokozera zonse. Amalume anamvetsera atagwira mtengowo, maso atafiira, chifukwa nawonso anali asanamvepo. Atamaliza anauika pamphasa mosamala, nati ngati zili choncho asiya zogulitsazo, aona zina zochita. Koma mawu awo anali a munthu amene alibe zina zochita. Amai anatuma mng'ono wanga kuti akaitane ba Mulenga.

Ba Mulenga anafika madzulo, akadali ndi tayi. Amai anawauza zimene a Tembo anapeza, osabisa kuti mfutiyo inali wamba ndiponso kuti mtengo wake sunali wakunja. Ba Mulenga anavomera kuti anali ataona kale, ndipo sanasinthe zimene analonjeza. Anati chimene ankafuna ndi chitsulo cha chidindo chija, ndipo mtengowo adzauchotsa n'kupangitsa wina wofanana ndi wa pachiyambi.

"Ndiye uyu muzauchita chani?" anafunsa amai.

"Kunena zoona, amai, ningausunge chabe ku galaji."

"Musavutike. Tengani chitsulo, mtengo usale kuno."

Ndinalumpha pamene ndinakhala. Ndinaiwala ulemu wonse, ndinathamangira m'nyumba n'kukumbatira mpope uja pansi pa bedi. Amai ananditsatira. Sanandikalipire. Anagwada pambali panga, anandichotsa zala chimodzichimodzi, n'kunena motsitsa mawu kuti, "Dailesi, ana a malume ako sangadye chitsulo." Ndinawauza kuti agogo akanakana. Iwo anati agogo anasema mtengowo kuti anthu adye, osati kuti upachikidwe.

Za mapepala a mfutiyo anakazikonza kuboma m'sabata yomweyo, amai, amalume ndi ba Mulenga. Ndalama zake sizinakwane kugula ng'ombe. Zinangokwana kubwereka ng'ombe za munthu wina wa kutsidya kwa msewu, zimene matenda sanazikhudze, ndi kugula mbewu. Ine ndinasiya kulankhula ndi amalume. Akabwera ndinkagwada n'kupereka moni ndi manja okha, pakamwa nditatseka.

Mvula yeniyeni itagwa, amai anandituma kukapereka chibwantu, thobwa la kwathu, kumunda kwa amalume. Dothi linali lakuda, likufuka nthunzi, ndipo akakowa ankatsatira pulawo kutola mphutsi. Amalume anali kumbuyo kwa ng'ombe zachilendozo, akuzitchula maina amene anali asanawazolowere, matope mpaka m'maondo. Atandiona anaimitsa, anamwa, n'kundipatsa mbale ya mbewu. Ndinafuna kukana. Koma ana awo onse anali kale m'mizere, ngakhale wamng'ono kwambiri, ndipo mzere umodzi unalibe munthu. Ndinalowamo n'kuyamba kuponya, nkhope nditakwinya, ndipo ndinabzala mpaka dzuwa linafika pamutu.

Kwa zaka zambiri ndinkaona kuti chilimwe chimenecho ndinagonja. Ndinachita zonse zimene mwana angachite, ndinapeza kumene chitsulo chinachokera, msinkhu wake ndi dzina la wosema, komabe mfutiyo inachoka. Ndinkaganiza kuti munthu amafufuza mbiri ya chinthu kuti asachitaye. Lero, pamene ndili ndi ana anga ndi abale amene amagogoda pakhomo panga zinthu zikavuta, ndimaona kuti amai anadziwa kuyambira pachiyambi kuti mlongo wawo ayenera kulima. Iwo ankafufuza kuti adziwe chimene angapereke ndi chimene sangapereke, ndipo sakanazisiyanitsa mfutiyo isanapasulidwe.

Mtengowo udakali kwa amai, kuseri kwa chitseko cha chipinda chochezera. Alendo ambiri amauyesa mpini umene wina analephera kumaliza, ndipo amai sawawongolera, pokhapokha akafunsa.